Mutu pa Mchira

Folo koloko, ku Doncaster kwada kale.
Ndaziona wandipeza ndikuvula majombo pakhomo,
kope m'manja, pensulo kukamwa:
"Adadi, za mavekitazi sizikundilowa."

Ndinaphunzitsapo masamu ine, zaka naini,
pa sekondale yoyendera kwathu ku Mchinji,
zala zili mbuu ndi choko ngati wa kuchigayo.
Lero ndimakankha ngolo m'nyumba yosungira katundu,
koma muvi sindinauiwale.

Khala apa, sunthira mbalezo uko.
Nambala payokha imabisa mawu.
Ukati faifi, faifi wopita kuti?
Vekita ndi nambala imene yasankha kolowera.
Ili ndi utali. Ili ndi mutu.

Ndijambula muvi: mapazi atatu kummawa.
Wina: mapazi anayi kumpoto.
Pophatikiza suunjika ngati tomato pamsika.
Tenga mchira wa wachiwiriwu,
ugunditse pa mutu wa woyamba,
ndiye kuchokera pomwe unanyamukira
mpaka pomwe wagwera
lemba muvi wachitatu.
Wayenda seveni, koma wasuntha faifi basi.

"Nanga awiriwo apita kuti?"
Adyedwa ndi kona, mwanangu.

Foni yanga imawerenga mapazi anga.
Lero yati zikwi makumi awiri ndi zitatu:
shelefu B, shelefu K, kubwerera ku B,
katoni ya matewera, katoni ya chakudya cha agalu,
basi yam'mamawa, basi yamadzulo.
Ukailumikiza mivi yonseyi mutu pa mchira
ikuthera pa chopondera chomwechi
chimene ndinapondapo nyali za mumsewu zisanazime.
Ansala yake ziro.
Zimenezi sindikumuuza.

"Nanga mainasi imatani?"
Imatembenuza muvi. Utali womwewo,
msewu womwewo, koma mutu waloza kwina.
Apo mayi ake akutsika masitepe
mu yunifolomu ya buluu, baji ikulendewera,
wa ku nyumba ya okalamba mpaka kutacha.
"Mwaswera?" "Ndaswera."
"Ndiwo zili mufiriji, musaiwale bini, mawa Lachinayi."
Chitseko phwa, kamphepo kalowa, katinyambita akakolo.
Ine kulowa, iye kutuluka,
bedi limodzi losadziwa kulemera kwa anthu awiri.
Ndaziona akuyang'ana chitseko, akuyang'ana ine,
kenako akulemba kena kake osandifunsa.

Funso lachinayi: chulukitsa vekita ndi thuu.
Amenewo ndi ovataimu, ndikutero,
muvi umatalika kawiri
koma suona malo atsopano.
Akuseka mpaka pensulo kugwa pansi pa tebulo.
Nane ndikuseka, mochedwerapo.

Mvula yayamba, ija yosagwa molunjika,
mphepo ikuikankhira cham'mbali pa windo.
Ndikanamuonetsa: nayo mivi iwiri,
wina wotsika, wina wopingasa,
ndipo dontho likumvera yonse iwiri nthawi imodzi.
Koma iye watembenuza kope, ali kutsamba lomaliza.
Wadontheza kadontho pamwamba, walemba D.
Kena pansi penipeni, walemba M.
Wadutsitsa mzere ndi lula.

"Uwu ndi wautali bwanji?"
Ndege ziwiri, minibasi, kabaza.
"Mutu ndiuike kuti?"

Pakutha pa mwezi ndalama zimatsika ndi mzerewu:
feteleza, fizi ya Limbanazo, mankhwala a shuga.
Loweruka lililonse mawu a mayi anga amakwera nawo,
mbuzi zikulira kumbuyo, netiweki ikudukaduka,
kufunsa ngati mwanayu akutha kupereka moni.
Ine ndinakwera nawo ndi chikwama chimodzi
ndikuti zaka ziwiri zokha. Iye anali asanabadwe.

Ketulo yawira, yazima yokha. Sindinayankhebe.
Wajambula mutu pansi.
Wakanda m'mutu. Wajambulanso wina pamwamba.

Mphunzitsi wa m'kati mwangamu wadzuka ndi bolopeni yofiira:
muvi wa mitu iwiri si vekita,
mayeso sangakuchongere.
Labala ali apa, pafupi ndi botolo la mchere.
Ndamuphimba ndi chikhatho.

Bwerera kutsamba lija, ndikutero,
tatsala ndi funso lachisanu.